Ip Man, gogo yemwe adasula Bruce Lee

Aliyense yemwe adakulira ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa m'zaka za m'ma 2000 akulidziwa fungo la m'vidiyo sho: thukuta, fumbi ndi chimanga chootcha. Kachipinda kamdima, mabenchi osapala, chinsalu chakuda pakhomo, ndipo panja sipika ikulira kuti wodutsa aliyense amve kuti m'katimo anthu akuswana.

M'malo oterewa ndi momwe ambiri a ife tidakumana koyamba ndi Ip Man. Filimu yonena za iye idatuluka mu 2008, ndipo itafika kuno, anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa n'kuithira mchere wawo, idagwedeza malokeshoni. Pali malo ena m'filimumo pomwe mkuluyu, ali mumkanjo wake wautali, amapempha kuti amupatse akatswiri a karate 10 a ku Japan nthawi imodzi, n'kuwasasantha onse. Ine ndidatuluka tsiku limenelo ndikuponya zibakera m'malere, ndipo mng'ono wanga adalawa zotsatira zake tisadafike n'kunyumba komwe.

Komatu ndewu imene ija siidachitike. Naye mkulu wa asilikali a Japan wotchedwa Miura, yemwe amagonja kumapeto kwa filimuyo, ndi munthu wongopeka. Ip Man weniweni adalikodi, koma adali bambo wamfupi, wochepa thupi, wokonda tiyi ndi fodya, yemwe adatsegula sukulu yake yoyamba imvi zili kale m'mutu, ndipo chidamukakamiza kutero ndi njala.

Mwana wa mpondamatiki

Ip Man adabadwa pa 1 October 1893 mumzinda wa Foshan, m'chigawo cha Guangdong kummwera kwa China. Apa n'kuti patangotha zaka ziwiri Angerezi atalengeza kuti dziko lathu lino lili m'manja mwawo. Kwawo kudali kwa mwanaalirenji. Banjali lidali ndi malo, nyumba ndi mabizinezi, choncho mnyamatayu adakula osadziwa kuti ganyu n'chiyani.

Banjali lidalinso ndi holo yokumbukiramo makolo, ndipo m'holomo mudali kuchita lendi mkulu wina wotchedwa Chan Wah-shun. Ntchito yake idali yosintha ndalama pamsika, koma ankaphunzitsanso mtundu wa kung fu wotchedwa Wing Chun. Ankalipiritsa ndalama zambiri, mwakuti m'moyo wake wonse adangophunzitsa anthu 16. Womaliza pa onsewo adali Ip Man, yemwe adalowa m'kalasimo akadali kamnyamata.

Chan adali atakalamba kale. Adangomuphunzitsa zaka zitatu asadagwidwe ndi matenda ofa ziwalo, ndipo ntchito yotsala adaisiyira mmodzi mwa ophunzira ake akuluakulu, Ng Chung-sok.

Kwa ife, aliyense woponya mateche m'kanema timangoti wakarate. Koma karate ndi ya ku Japan, pomwe kung fu ndi ya ku China, ndipo mitundu yake ndi yambirimbiri. Wing Chun ilibe zodumphadumpha zomwe zimatikuwitsa m'mavidiyo sho. Mateche ake sapitirira kwenikweni m'chiuno. Womenya amaima pafupi kwambiri ndi mdani wake, zigongono zili m'kati, n'kumateteza mzere wapakati pa thupi, kuchokera pamphuno kutsika pakhosi mpaka pamimba, chifukwa m'menemo ndi momwe muli malo ophera munthu. Zibakera zimapita molunjika, zazifupi, motsatizana ngati mvula ya matalala.

Nthano ya eni ake imati luso limeneli adalipeka ndi mayi wina wodzipereka ku chipembedzo cha Buddha, dzina lake Ng Mui, ndipo adaliphunzitsa mtsikana wotchedwa Yim Wing Chun yemwe ankakakamizidwa ukwati ndi chigawenga china. Ndi nthano chabe, koma ikuonetsa cholinga cha lusoli: kuti wochepa mphamvu athe kudziteteza kwa chiphona.

Ali ndi zaka za m'ma 16, Ip Man adatumizidwa ku Hong Kong, yemwe panthawiyo adali pansi pa Angerezi ngati Nyasaland, kukaphunzira pa St Stephen's College, sukulu ya ana a anthu olemera. Nkhani yomwe ophunzira ake akhala akufotokoza imati kumeneko mnyamatayu adayamba kudzimva, popeza padalibe mnzake yemwe ankamugwetsa. Tsiku lina adamva za bambo wina wachikulire wodziwa kung fu, ndipo adapita kukamuyesa. Adaona zakuda. Bamboyo adamugwetsa kangapo osatuluka n'thukuta lomwe. Kufufuza, adali Leung Bik, mwana wa Leung Jan, mphunzitsi wa Chan Wah-shun yemwe uja. Ip Man adadzichepetsa n'kukhala wophunzira wake kwa zaka zingapo.

Adabwerera ku Foshan ali ndi zaka za m'ma 24. Adakwatira Cheung Wing-sing, ndipo adabereka ana aamuna awiri, Ip Chun mu 1924 ndi Ip Ching mu 1936, komanso aakazi awiri. Adagwirapo ntchito yaupolisi, koma ndalama sidali vuto kwa iye. Kung fu ankangosewera ndi anzake pakhomo. Kwa munthu wa banja ngati lake, kutsegula sukulu n'kumatolera fizi kudali kudzichotsa ulemu, ndipo kwa zaka zoposa 20 sadaganizeko zotero.

Zinthu zitembenuka

Mu 1937 nkhondo idabuka pakati pa China ndi Japan, ndipo mu October 1938 asilikali a Japan adalanda dera lonse la Guangzhou, kuphatikizapo Foshan. Chuma cha banja la Ip chidathera pomwepo. Apa filimu ija siidaname kwenikweni: mwana wa mpondamatiki uja adafika podalira chifundo cha anzake kuti ana adye. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 adaphunzitsako kagulu kochepa ka anyamata pafakitale ya thonje ya mnzake, ena mwa iwo Kwok Fu ndi Lun Kai, omwe adadzasunga lusoli ku Foshan mpaka ukalamba wawo.

Japan itagonja mu 1945, Ip Man adabwerera kupolisi, pansi pa boma la chipani cha Kuomintang. Udindo umenewu ndiwo udadzamuika m'madzi. Amene adamuthawitsa kwawo sadali Ajapani, monga momwe filimu imaonetsera, koma Atchaina anzake. Nkhondo yapachiweniweni idatha ndi kupambana kwa chipani cha Komyunisiti, ndipo Mao Zedong adalengeza boma latsopano pa 1 October 1949, tsiku lomwe Ip Man ankakwanitsa zaka 56. Kwa wapolisi wa boma logonja, wochokeranso m'banja la eni malo, kukhala kudali kudikira imfa kapena ndende.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho, chaka chomwe agogo athu kuno amachikumbukira ndi njala yoopsa ya 1949, Ip Man adazemba kudzera ku Macau n'kukafika ku Hong Kong ali manja lende.

Mkazi wake adamutsatira mu 1950, koma sadakhalitse. Adabwerera ku Foshan, maganizo ali oti aonananso posachedwa. Mu 1951 malire a China ndi Hong Kong adatsekedwa. Kuchokera ku Hong Kong kukafika ku Foshan sikusiyana kwambiri ndi kuchoka ku Blantyre kupita ku Ntcheu, koma awiriwa sadaonanenso. Mayiyo adamwalira ndi khansa mu 1960, mwamuna wake osaponya n'dothi lomwe m'manda.

Mabanja a kuno omwe bambo adapita ku Joni kapena ku Harare n'kutchona sangavutike kumvetsa zomwe zidatsatira. Cha m'ma 1955 Ip Man adapeza mayi wina wochokera ku Shanghai, ndipo adabereka naye mwana wamwamuna, mkazi wake woyamba akadali moyo kumudzi. Ophunzira ake ambiri sadakondwe nazo, ena mpaka adaleka kubwera. Ena mwa iwo adadzaululanso kuti mkuluyu adali kapolo wa mankhwala ozunguza bongo a opium, ndipo gawo la fizi yomwe ankatolera linkathera kumeneko. Izi simungazione m'filimu, momwe Donnie Yen amaoneka bambo wa mkazi mmodzi wopanda banga.

Sukulu ya operekera zakudya

Hong Kong yemwe Ip Man adafikiramo adali wodzaza ngati minibasi ya ku Bangwe madzulo. Mu 1945 mudali anthu pafupifupi 600,000, koma pofika 1951 adali atadutsa 2 miliyoni, ambiri othawa kwawo ngati iye. Anthu ankagona m'zisakasa m'mbali mwa mapiri ndi pamadenga a nyumba zosanja. Usiku wa Khirisimasi mu 1953 moto udapsereza zisakasa za ku Shek Kip Mei, anthu oposa 50,000 n'kusowa pogona.

M'chipwirikiti chotere, ndani akadalemba ntchito bambo wa zaka 56 yemwe ankangodziwa upolisi wa boma lomwe lidagwa?

Yemwe adamutola ndi mnzake wakale wa ku Foshan, Lee Man, mlembi wa bungwe la anthu ogwira ntchito m'malesitilanti. Iyeyu adamupezera malo kuofesi ya bungwelo ku Sham Shui Po, m'dera la Kowloon, ndipo mu 1950 Ip Man adayamba kuphunzitsa Wing Chun kwa aliyense wolipira. Ophunzira ake oyamba sadali ana a mabwana koma ophika, operekera zakudya ndi otsuka mbale, omwe ankabwera ataweruka, miyendo ili yotopa.

Woyamba adali Leung Sheung, chimunthu chachitali chomwe chidali chitaphunzira kale mitundu ina ya kung fu. Ataona kamdala kowonda kaja adakayika, adakayesa, ndipo adagwada yekha. Kenaka kudabwera Lok Yiu, Chu Shong-tin, ndipo patapita zaka zingapo Wong Shun-leung, yemwe adali wankhonya. Masiku oyambirirawo zinthu zidali zothina. Ambiri ankabwera mwezi umodzi n'kuthawa, ndipo Leung Sheung ndi Lok Yiu ndiwo ankaonetsetsa kuti mphunzitsi wawo wadya. Sukuluyo idasamuka kangapo, kuchoka m'chipinda china kupita china, mpaka ku Lee Tat Street m'dera la Yau Ma Tei.

Chothawitsa anthu chidali kaphunzitsidwe kake. Wobwera ndi mtima wofuna kukamenya woyandikana naye nyumba sabata yamawa ankakhumudwa. Phunziro loyamba, Siu Nim Tau, munthu amaima malo amodzi, mawondo atapindira m'kati, n'kumayendetsa dzanja pang'onopang'ono ngati bilimankhwe. Miyezi imatha akuchita zomwezo. Akakhwima ndiye amalowa phunziro lachiwiri, Chum Kiu, lophunzitsa kusuntha ndi kutembenuka, ndipo lachitatu, Biu Jee, linkapatsidwa kwa ochepa okha. Pamwamba pa izi pamabwera ndodo yaitali ndi mipeni iwiri.

Mtima wa zonsezi ndi sewero lotchedwa chi sao, kutanthauza manja omata. Anthu awiri amagundanitsa mikono n'kumaizunguza osalekana, aliyense akumvetsera ndi khungu komwe mphamvu ya mnzake ikulowera. Wozolowera amatha kuchita zimenezi atamangidwa nsalu kumaso. Apa ndi pomwe Ip Man ankadabwitsa anthu. Anyamata a misinkhu ya ana ake ankapezeka atatsamira khoma, iye akumwetulira, osawapweteka.

Padalinso chipika chija chomwe tonse tidachiona m'filimu, cha manja atatu ndi mwendo umodzi. Ku Foshan ankachikumbira pansi ngati mzati. M'nyumba zosanja za ku Hong Kong mudalibe pokumba, choncho Ip Man adauza mmisiri wa matabwa kuti achipachike pa timatabwa tiwiri topingasa tomangirira kukhoma. Zipika zambiri zomwe zili m'masukulu a Wing Chun padziko lapansi zimatsata kapangidwe kameneka, kobadwa chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Omwe adakhala naye amati sadali mphunzitsi wokalipa kapena wolongolola. Ankakhala pampando, ndudu ili kumanja, n'kumayang'ana. Akaona cholakwika ankadzuka, kukonza chigongono cha munthu, n'kukakhalanso. Ophunzira akale ndiwo ankaphunzitsa atsopano. Aliyense ankamupatsa malinga ndi thupi lake ndi mutu wake, ndipo akaweruka ankakonda kupita nawo kokamwa tiyi. Kwa ine, apa ndi pomwe pali ukulu wa bamboyu, osati pa Ajapani 10 aja. Kudzuka tsiku lililonse kwa zaka zambiri kukakonza zigongono za ana a eni, pomwe ako ali kutsidya kwa malire otseka, si masewera.

Chidatchukitsa sukuluyi, komabe, ndi ndewu. Anyamata a masukulu osiyanasiyana a kung fu ankapangana kukayesana mobisa pamadenga a nyumba zosanja, kopanda magolovesi, kuthawa apolisi. Wong Shun-leung adapambana ndewu zambiri zoterezi, ndipo mbiri ya Wing Chun idafalikira m'tauni monse.

Kubwera kwa Bruce Lee

Mbiri imeneyi ndiyo idakopa mnyamata wina wovuta, mwana wa katswiri wa zisudzo, yemwe adabadwira ku San Francisco pa 27 November 1940 koma adakulira ku Kowloon. Bruce Lee adali atasewera kale m'mafilimu angapo ali mwana, ndipo ankakonda ndewu za m'misewu. Mnzake William Cheung ndiye adamutengera kwa Ip Man chapakati pa zaka za m'ma 1950.

Sizidayende bwino poyamba. Mayi ake a Bruce, Grace Ho, adali ndi magazi achizungu, ndipo ophunzira ena atadziwa izi adakana kusewera naye, ati luso la Atchaina lisapite kwa alendo. Ena ankangodana naye chifukwa cha matama. Ip Man sadamuthamangitse. Adakonza zoti aziphunzira padera, ndipo ntchito yaikulu yomusula adaipereka kwa Wong Shun-leung.

Bruce sadamalize maphunzirowo. Mu April 1959 makolo ake, atatopa ndi madandaulo a apolisi, adamukweza sitima yapamadzi kubwerera ku America. Kumeneko adayamba kuphunzitsa aliyense, mzungu ndi wakuda yemwe, adasakaniza Wing Chun ndi nkhonya komanso maluso ena, ndipo mu 1967 adatcha njira yakeyo Jeet Kune Do.

Ip Chun adafotokozapo kuti Bruce atabwera kudzacheza ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1960, adapempha kuti ajambule mphunzitsi wakeyo pakanema akumenya chipika chija, kuti azikaphunzirira ku America, ndipo adalonjeza kumugulira nyumba. Ip Man, yemwe ndalama ankazisowa zedi, adakana. Sadafune kuti wandalama alandire zomwe anzake ankazikhetsera thukuta kwa zaka.

Moyo udayamba kupepukako mu 1962 pomwe Ip Chun ndi Ip Ching adakwanitsa kutuluka m'China n'kudzapeza bambo awo, patatha zaka 13. Mu 1967 iye ndi ophunzira ake adakhazikitsa bungwe la Ving Tsun Athletic Association, lomwe mwa zina lidathandiza kuti gogoyu azipeza kangachepe muukalamba wake. Panthawiyi n'kuti ena mwa ophunzira ake ali apolisi akuluakulu ndi eni mabizinezi.

Kenaka Bruce Lee adabwerera ku Hong Kong n'kuphulika. The Big Boss idatuluka mu 1971, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon mu 1972. Dziko lonse lidapenga ndi kung fu, ndipo malungo ake adafika mpaka kuno, komwe kamwana kalikonse kovula malaya n'kukuwa ngati mphaka kankatchedwa Bruce Lee. Dzina la mphunzitsi wake padalibe ankalidziwa.

Panthawi yomwe wophunzirayo ankakwera, mphunzitsi adali akutha ndi khansa yapakhosi. Ip Man adamwalira pa 2 December 1972 kunyumba kwake ku Tung Choi Street m'dera la Mong Kok, ali ndi zaka 79, ndipo adaikidwa ku Fanling. Bruce Lee sadaoneke pamaliropo, nkhani yomwe idautsa mapiri pachigwa m'nyuzipepala za kumeneko. Zidamveka kuti uthenga sudamufike nthawi yabwino, ndipo adakapezeka pamwambo wina wokumbukira malemuyo patapita masiku. Iyenso sadakhalitse. Adamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32, patangotha miyezi isanu ndi iwiri, filimu ya Enter the Dragon isadayambe kuonetsedwa.

Ip Man sadasiye atatchula wolowa m'malo mwake, ndipo zomwe zimachitika pamudzi mfumu ikafa chotere zidachitikanso apa. Ophunzira adabalalika, Moy Yat ku New York, William Cheung ku Australia, Leung Ting n'kufalitsa lusoli ku Germany ndi maiko ena a ku Ulaya, ndipo angapo ankati Wing Chun yeniyeni adapatsidwa ndi iwo okha. Mkanganowo udafika pochititsa manyazi mu 1986 mumzinda wa Cologne, pomwe Emin Boztepe wa gulu la Leung Ting adalimbana ndi William Cheung pamaso pa ophunzira, n'kumagubuduzana pansi ngati ana a pulayimale.

Kwawo ku Foshan, komwe adachoka mozemba, adadzamutsegulira nyumba yachikumbutso mu 2002. Mafilimu a Donnie Yen adafika anayi, mu 2008, 2010, 2015 ndi 2019. Mu yachitatu akumenyana ndi Mike Tyson, mu yachinayi ali ku America, dziko lomwe mwini wake sadapondeko. Ip Chun naye, ali ndi zaka zoposa 80, adasewera m'filimu ina ya mu 2010 ngati Leung Bik, bambo yemwe adagwetsa bambo ake ali mnyamata.

Kanema weniweni wa Ip Man alipo, ndipo yemwe ali ndi foni ya intaneti angamupeze pa YouTube. Kutatsala masabata ochepa kuti amwalire, gogoyu adavomera zomwe adakaniza Bruce Lee. Poopa kuti anthu adzapotoza zomwe ankaphunzitsa, adaitana ana ake ndi wophunzira wina kuti amujambule ndi kakamera ka filimu ya 8mm m'chipinda chake. Kanemayo ndi wosaoneka bwino ndipo alibe mawu. Mukuoneka nkhalamba yadazi, yowonda mpaka zovala kulendewera, ikuchita Siu Nim Tau, kenaka Chum Kiu, kenaka ikusuntha n'kuyamba kugogoda chipika chija. Biu Jee, ndodo ndi mipeni sadafikeko.